Palafini wa a Jailosi

Ku Ndirande a Jailosi ankadziwika ndi fungo. Ankagulitsa palafini pakhomo la msika, ndipo fungolo linawalowa m'khungu, moti ngakhale Lamulungu kutchalitchi, atavala jekete lawo lakuda, anthu ankasiya kampata pabenchi. Kwawo kunali ku Phalombe. M'tauni anabwerera ntchito yaulonda, koma kampani itatsekedwa chaka cha riferendamu, anagula chigubu, fanulo ndi mabotolo. Kamalo kapamsikako ndiko kankadyetsa iwo, akazi awo a Salome, ndi ana.

Zaka zimenezo anthu anali atatopa ndi akuba. Ankati ukampereka wakuba kupolisi, mawa lake ukumana naye pasiteji akukuseka. Ndiye anayamba kuweruza okha: tayala m'khosi, mafuta, machesi.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, anagwira bambo wina ataba nsapato pakaunjika. Anamukhwekhwereza mpaka pakhomo la msika, magazi ali chuchuchu. Tayala linapezeka msanga. Chinatsala ndi mafuta, ndipo maso onse anatembenukira kwa a Jailosi.

"Madala, chigubu!" anakuwa Ramsey, wapampando wa mavenda.

A Jailosi anamuyang'ana wakubayo. Anali wadazi, wamsinkhu wawo womwe. Kenako anatsegula chigubu n'kuchipendeketsa m'ngalande. Palafini yense anapita ndi madzi akuda.

Sizinathandize. Wina anapopa petulo m'minibasi, ndipo bambo uja anamuwotcha ndithu. Atathana naye anabwerera kwa a Jailosi, nawamenya ndi thabwa la benchi lawo lomwe. Dzanja lamanja linathyoka, silinawongokenso.

A Jailosi atatuluka m'chipatala, Ramsey anawapeza kunyumba.

"Madala, ife sitidana nanu. Koma anthu akuti mumadya nawo akuba. Loweruka mubwere kumsonkhano wa mavenda, muimirire, munene kuti munalakwa. Mukatero malo anu ndi anu."

Mlendo atapita, a Salome anakhala pansi pafupi nawo.

"Abambo a Tithokoze, munthuyo anafa kale. Kuuma mutu kwanu sikumudzutsa. Anawa adya chiyani? Kapepeseni ndi pakamwa chabe, Mulungu amaona mumtima."

"Vuto ndi lomwelo, mayi. Amaonadi."

Loweruka a Jailosi anapita. Panjira anadutsa pomwe phula linada ndi moto uja. Ankafuna malo awo. Ankawafuna kwambiri. Anaimirira pamaso pa mavenda, dzanja lili m'pulasitala.

"Abale anga, zolakwa ndili nazo zambiri, ndipo ndinazitula kwa Yesu. Koma za chigubu zija sindinganame. Mutabweretsanso munthu wina, ndingatayenso."

"Abusa a mbava!" wina anakuwa kumbuyo.

"Azikagulitsa kumwamba palafini wawoyo!"

Anthu anaseka. Ramsey anangopukusa mutu. Tsiku lomwelo malo aja anapatsidwa kwa wogulitsa mabatire.

Anasamukira ku Bangwe, m'kanyumba kam'mbali mwa phiri. A Salome anayamba kuswa miyala yogulitsa kwa omanga nyumba. Tithokoze, mwana wawo woyamba, anasiyira sukulu panjira. A Jailosi ankatolera miyala yosweka ndi dzanja lamanzere n'kumaiunjika.

Kumeneko anawayendera a Feston, mkulu wa mpingo wawo wakale.

"Limbani mtima, a Jailosi. Ntchito munachita ija ndiyo idzakulowetseni kumwamba."

"Ntchito iti, akulu a mpingo? Munthu anapsa ine ndikuona. Sindinapulumutse aliyense, ngakhale ana angawa. Ngati ndidzalowe, n'chifukwa cha amene anandifera. Ine changa n'kungomugwira ndi dzanja latsalali."

A Feston anapempha kuti apemphere. Anaitana a Salome kuti asendere pafupi. A Salome sanadzutse mutu. Amuna awiriwo anatsinzina, ndipo pemphero lonse linatha hamala ikulirabe pamwala.