Mabuleki Anga Sakugwira

Abale anga a m'parishi muno, aliyense amene anakonzetsapo njinga pakhonde loyang'anana ndi tchalitchi akuwadziwa a Mabuleki. Ine ndine telala wa pakhonde lomwelo. Makina anga ndi bokosi lawo la masipanala zakhala moyandikana mpaka tonse kumera imvi. Ansembe atandipempha kuti ndilembe za moyo wawo sindinakane, ngakhale dzanja langali linazolowera sizasi.

Anabadwira m'banja losauka koma lopemphera. Ali mwana ankatumikira pa Misa, ndipo mayi awo ankati kandulo ankaigwira ngati dzira. Bambo awo atamwalira, sukulu inathera panjira, amalume awo n'kuwaphunzitsa kumata machubu ndi kuwongola masipoko. Luso analitola msanga. Tsoka ilo, komweko anatolanso botolo.

Sindibisa, poti eni ake sankabisa: bambo amene uja anamwa. Akazi awo analira mpaka misozi kuuma, mwana wawo wamwamuna akukula n'kumaona zonsezo. Tsiku lina anakonza njinga ya mphunzitsi ali chiledzerere, n'kuiwala kumangitsa mabuleki. Mphunzitsiyo anakagwa pamtsetse, mkono n'kuthyoka. Sanawatukwane. Anangoti, "Nanga ndikanakweza mwana wanga?" Mawu amenewo anawalasa mtima.

Anali atamvapo kuti pali anthu osiya mowa amene amakumana n'kumalimbikitsana, koma amakumana kuti? Chikwangwani panalibe, ndipo kufunsa kunali kudzivula pagulu. Anapita kuchipatala, koma atakhala pamaso pa namwino, analephera kutchula liwu loti mowa.

"Mayi, mabuleki anga sakugwira," anatero.

Namwinoyo anasuzumira panja, njinga osaiona. Fungo ndi limene linamuuza zonse. "Lachinayi masana, kumbuyo kwa holo ya parishi yanu yomweyo. Mukangolowa, palibe akakulozeni chala."

Ha, mankhwala anali pakhomo pomwe! Lachinayi anapitadi, koma kumbuyo kwa holo kuli makomo awiri, ndipo iwo analowa la amayi a kwaya. Kubwerera kunawachititsa manyazi, basi anaima kumapeto kwa mzere n'kuimba nawo nyimbo yonse ndi liwu lawo losasalo. Kenako mayi wina anawanong'oneza, "Bambo, anzanu ali khomo linalo." Nkhaniyi ankaiseka mpaka ukalamba. "Ambuye anandidutsitsa kukwaya kaye kuti manyazi athere komweko."

Khomo linalo anapezako kalipentala, dalaivala ndi mayi wina wogulitsa pamsika. Palibe anawalalikira. Aliyense ankangonena zake, anzake n'kumvetsera. A Mabuleki anagwa kangapo, koma akajomba, kalipentala uja ankadzaima pakhonde pathu mpaka iwo atatseka bokosi n'kutsagana naye. Pang'ono ndi pang'ono anaima nji, nabwerera ku Misa ya m'mawa, ndipo kunyumba kwawo kunayamba kumveka kuseka.

Nkhani ya namwino itawanda, pakhonde panayamba kufika anthu opanda njinga. Munthu ankazungulirazungulira kaye, kenako n'kunena chapansipansi, "Bambo, mabuleki sakugwira." Dzina lawo linachokera pamenepo. Iwo ankapukuta manja n'kuyankha, "Lachinayi mudzafikire pano, tidzayendera limodzi. Makomo ndi awiri, mungakaimbe kwaya." Munthu sankangomulozera njira, ankamuperekeza mpaka pampando. Akakhala wochokera kutali, ankafunsafunsa mpaka kumupezera gulu lapafupi ndi kwawo. Ine, ndi makutu angawa, ndikafunsa kuti uja ndi ndani, ankangoti, "A telala, sokani zanu."

Munga unali umodzi wokha. Mwana wawo uja atakula, anatsata mapazi akale a bambo ake. Akazi awo ankati, "A eni ake mukuwaperekeza, nanga wanu bwanji osamukoka?" Iwo ankayankha mofatsa, "Mayi, njinga sitikonza mwini wake asanatsike." Koma zinkawapweteka, ine ndinkaona. Ntchito ikachepa ankatulutsa kolona, zala zili bii ndi girisi, ndipo ndinkadziwa amene akumupempherera.

Chaka chino miyendo inayamba kutupa, bokosi la masipanala n'kukhala chitsekere. Ansembe atawadzoza mafuta a odwala, ndinapita kukawazonda. Ndili pomwepo mwana uja analowa, asanalawe mowa. Anagwada pafupi ndi bedi.

"Bambo," anatero, "mabuleki anga sakugwira."

Nkhalamba ija inamwetulira ngati yaona kumwamba kutatseguka. "Lero n'lachingati?"

"Lachiwiri, bambo."

Anatembenukira kwa ine. "A telala, Lachinayi mudzatseke makina. Makomo ndi awiri."

Anatsamira mkono m'mawa mwake, mwamtendere, kolona ali m'manja, akazi awo ali pambali. Tinawaika Lachinayi m'mawa, ndipo masana ake ndinamuperekeza mwanayo kumbuyo kwa holo. Amayi a kwaya anasiya kuimba potiona. Iye anawadutsa n'kugogoda khomo linalo, ndipo anatsegula ndi kalipentala uja, mutu uli mbuu.

Mzimu wa a Mabuleki uuse mumtendere wa Ambuye amene anawatumikira. Bokosi lawo latsegulidwanso, mwana wawo ndi amene akukhala pafupi ndi makina anga. Sabata yatha kunafika bambo wina wopanda njinga, akuzungulirazungulira. Ndinangomuona mwanayo akupukuta manja, ine n'kuweramira zosoka zanga.