Mawaya Awiri a ba Chisenga

Batata, bambo anga ba Killian Chisenga, anali mmisiri wa magetsi, ndipo pa ntchito anali wochedwa. Zimenezo sindikana. Chimene chimandipsetsa mtima n'choti amene ankawaseka sanafunsepo chimene chinkawachedwetsa.

Kwawo kunali ku Mansa, ntchito anaphunzira ku migodi ya ku Mufulira, ndipo ku Kabwata tinafika mu 1969, ine ndili kumsana. Mu 1975 kampani yawo inapatsidwa ntchito yoika magetsi m'nyumba ya maofesi ya nsanjika zisanu ndi imodzi pa Cairo Road. Siling'i yake inali yachilendo masiku amenewo, mabolodi opepuka ogona pa tizitsulo topyapyala, zonse zolendewera kunsi kwa konkire. Lamulo linali loti nyale zazitali zija zisatsamire pa siling'i. Nyale iliyonse ikhale ndi mawaya ake awiri okoledwa kukonkire kwenikweniko, kuti siling'i ikagwa nyale isatsikire munthu pamutu.

Kulemba lamulo n'kosavuta. Ntchito ndiye kuboola konkire ndi tchizulo ndi hamala, nkhope ili chagada, fumbi likugwera m'kamwa. Batata anapatsidwa nsanjika yapamwamba, mnzawo ba Norbert yachitatu, ndipo onse ankadziwa kuti pa awiriwo patuluka kapitawo. Ba Norbert ankangogoneka nyale pa tizitsulo, n'kutseka bolodi, basi. Anamaliza m'masabata awiri. Batata anatha mwezi ndi theka.

"Shani, ba Killian? Mufuna kukotela mwamene umo?" ankawanyoza choncho ba Norbert, kuti akalambira momwemo.

"Inisipekita akabwela azaona," batata ankayankha, osatsika pamakwerero.

Tsiku la inisipekita batata anavala ovolosi yosita, n'kuimika makwerero pakati pa chipinda kuti bwanayo asavutike pokwera. Munthuyo anaima pakhomo, anayatsa magetsi, anazimitsa, anasayina pepala, n'kupita kukadya. Bolodi ngakhale limodzi sanalikweze. Ukapitawo unapita kwa ba Norbert, kenako galimoto, kenako nyumba ku Woodlands.

Ukapitawo batata sanaulire kwenikweni. Ankangolakalaka kuti munthu mmodzi wodziwa ntchito akweze bolodi, aone, anene kuti pano panadutsa mmisiri. Ankatifotokozera ife pa tebulo mmene waya amapotedwera katatu, koma ife tinkadziwa chiyani? Amayi, powaitana ndi dzina la ine mwana wawo, ankangoti, "Bashi Keziah, mawaya tizadya?" Ndipo nyale za ba Norbert sizinagwe. Mulungu andikhululukire, ndinapempherapo kuti imodzi yokha igwe Lamlungu, mopanda munthu. Ayi ndithu, zinakhala phee zaka zonsezo.

Mu 1986 chifuwa chinawasiyitsa ntchito batata. Fumbi la konkire lija silinapite kwina, linakhala mwa iwo. Ine nditaphunzira kutayipa ndinakana malo awiri mpaka nditapeza ntchito m'nyumba ya maofesi yomwe ija, nsanjika yapamwamba. Ndikafika kunyumba funso linali limodzi: "Keziah, malaiti yali bwanji?" Ndinkayankha kuti akuyaka, iwo n'kugwedeza mutu.

Mu Febuluwale wa 1989 mvula inagwa sabata yathunthu, denga n'kuyamba kudontha. Lachisanu m'mawa tinapeza siling'i yonse ili pansi, mabolodi atafewa ngati buledi wa mu tiyi, tizitsulo titapindika pamatebulo. Koma nyale! Zonse makumi anayi zinali m'mwamba, pamzere, iliyonse pa mawaya ake awiri. Ba Kabamba, injiniya amene eni nyumba anaitana, anayang'ana kumwamba manja ali m'thumba n'kunena kuti, "Uyu anali kuziba nchito."

"Ni batata!" ndinakuwa, anzanga mpaka kudzidzimuka. Ndinawachonderera ba Kabamba kuti mawuwo adzawanene pamaso pa mwini wake. Anaseka, n'kuti Loweruka m'mawa adzakhalapo pang'ono.

Loweruka batata anavala jekete ya kutchalitchi. Minibasi inachedwa, ndipo lifiti ya m'nyumbamo inali itafa chaka chathacho posowa zitsulo. Tinayamba masitepe. Ankakwera asanu n'kuima, asanu n'kuima, dzanja pakhoma, m'chifuwa mukulira ngati muli kamwana ka mphaka. Pansanjika yachiwiri anakhala pansi.

"Yenda ukabaitane," anatero. "Ine nafika apa."

Ndinathamanga nsapato zili m'manja. Kumwamba ndinapeza amisiri atayamba kale kukoka tizitsulo tatsopano. Ba Kabamba anali atatsika kalekale pa masitepe a kumbuyo. Ndinatukwana, ine mwana wa m'kwaya, amisiri aja n'kungondiyang'ana. Kenako ndinatsika pang'onopang'ono, chifukwa sindinkadziwa kuti ndikanena chiyani.

Batata anandiona ndili ndekha ndipo sanafunse. Anasendera kuti ndikhale pambali pawo.

"Banakamba bwanji? Kambanso."

"Banati uyu anali kuziba nchito."

"Kambanso."

Ndinabwereza. Ankapuma movutika, maso ali pa masitepe opita kumwamba. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Waya banaigwila? Banaona mwamene ninapotela?"

Ba Kabamba sanatulutse manja m'thumba, ndinaona ndi maso angawa. Koma ndinati, "Banagwila, batata. Banakoka na kukoka."

"Ehe," anatero, n'kupukuta pakamwa ndi kampango. "Ninaziba."

Tinatsika. Pofika Lachitatu mabolodi atsopano anali atatseka zonse, ndipo batata sanakwerenso masitepe a nyumba ina iliyonse. Anamwalira m'nyengo yozizira ya chaka chomwecho. Bodza lija silindipweteka. Chimandipweteka n'choti zinangotsala nsanjika zinayi, ndipo ine ndinalibe msana wowaberekera.