Chisakasa cha Ada Paston

Nyumba ya Ada Paston ili pamtunda, panjira yochokera ku doko kupita ku Chikale. Ndi ya njerwa zootcha, ya malata, zipinda zinayi, chilichonse ndi khomo lake. Iwo ankagona m'chipinda choyamba. Ine ndimachita lendi chakumapeto, ndi mwana wanga woyamwa. Bambo a mwanayu ali ku Halale, kwathu ndi ku Usisya, ndipo kuno ndilibe wanga.

Ada Paston anathera unyamata wawo m'migodi ya ku Joni. Anabwerako ndi chifuwa, njinga, ndi maganizo amodzi: tauni ikukula, sitima ikuima pano, makalaliki ndi aphunzitsi adzafuna pogona. Anzawo anagula maukonde, iwo anaumba njerwa. Asodzi ankawaseka kuti nyumba siigwira usipa.

Malo anasankha apathanthwe, poti madzi a mvula sangakokolole. Anawapempha kwa eni ake pali mboni. Mitengo ya denga anaipaka oilo wakuda kuopa chiswe. Akazi awo anamwalira iwo ali kunja, ndipo nyumbayo ankati ndi ya mwana wawo mmodzi yekhayo, Rosina, amene anakwatiwa ku Karonga.

Chifuwa chitakula chaka chatha, mng'ono wawo a Donald anayamba kubwera kudzazonda. Ine ndinkawaona ndikuchapa matewera: maso awo sankakhala pa wodwala, ankakhala padenga. Kwawo kuli mwambo wakuti nyumba imene mwini wake wafera amaigwetsa. Kale zinali za udzu, panalibe wodandaula. Tsiku lina ndinamva a Donald akuuza mnzawo kuti malata adzagawana, zitseko adzatenga iwo. Kalaliki wa chipinda chachiwiri anamva nawo, nasamuka. Mphunzitsi wa chachitatu naye anatsatira. Ine ndi khanda ndikanapita kuti?

Ndinalimba mtima kukafunsa.

"Ada, n'zoona kuti adzaigwetsa?"

"Nyamanda, sukulu yonse ija unapita, ukunjenjemera ngati nkhuku yonyowa? M'malo molira, kandifunire amene akugulitsa udzu."

Udzu unabwera. Okha, akupumira pa mtengo uliwonse, anamanga chisakasa kuseri, m'munda wa chinangwa. Anatenga mphasa, bulangeti ndi kapu, natseka chipinda chawo.

A Donald atawapeza m'chisakasamo anakalipa.

"Akulu, mwapenga? Kusiya malata kudzagona ngati mlonda wa anyani? Anthu atiseka!"

"Mwambo umati chiyani, Donald? Nyumba imene munthu wafera. Ine ndifera muno. Mudzagwetse bwinobwino, machesi ndakusungirani pa mtanda apo."

A Donald sanaseke. Sanabwerenso.

Mvula inayamba. Chisakasa chinkadontha, ndipo kutsokomola kwa Ada Paston kunkamveka mpaka kuchipinda kwanga. Ndinkawapititsira phala, mwana nditamusiya pakhonde, chifukwa sankalola kuti ayandikire. Tsiku lina la mvula yamphamvu ndinawachonderera kuti alowe m'nyumba kufikira ikate.

"Imfa siiuza munthu ola, mwana wanga. Ingandipeze ndikuotha moto m'menemo, ndiye ndavutikiranji?"

Ndinabwerera ndi mbale yanga. Ndinkawamvera chisoni, komanso mumtima ndinkafuna kuti asalowe, ndipo ndikuganiza kuti ankadziwa.

Anamwalira m'mawa wina mu Febuluwale, ali okha. Ndinawapeza ndine. Atawaika m'manda, achibale anagwetsa chisakasa chija n'kuchitentha. Udzu unali wonyowa, utsi unakhala tsiku lonse. A Donald anaima pabwalo kwa nthawi, kenako anatsika kunka ku doko.

Rosina anafika pa sitima maliro atatha kale. Anazungulira nyumba yonse akugwiragwira njerwa, nandifunsa ngati ndikufuna kukhalabe. Ndinati inde. Anandisiyira makiyi nabwerera ku Karonga.

Zipinda zitatuzo zidakali zotseka. Anthu ofuna lendi amafika, amafunsa kumene mwini wake anafera, ndimawaloza paphulusa, amati abweranso. Ine ndimasesa khonde lonse, la makomo onse anayi, mwana ali kumbuyo.