Makala pa Miyendo, Mkwatibwi Kumbuyo

Ndikukumbukira chaka chimene galimoto ya amalume anga a Layisoni inanunkha. Kwathu ku Mlangeni akuluakulu sankatchula zaka ndi manambala. Ankati chaka cha dzombe, chaka cha njala, ndipo pamudzi pathu panawonjezereka chaka cha galimoto yonunkha. Inali nthawi ya atsamunda, ine ndili mnyamata wa pasukulu ya mishoni, mwini kabudula mmodzi ndi malaya amodzi a khaki.

Amalume anagwira ntchito ku migodi ya ku Joni zaka zambiri. Anzawo pobwerera ankagula njinga ndi galamafoni, koma iwo anakagula galimoto kwa Mmwenye wina wa sitolo pa Boma la Ntcheu. Inali yakuda, yamsana wokhota ngati fulu, yolira pokhapokha munthu atapukusa chitsulo kutsogolo kwake mpaka thukuta. Ine amene ndakhalira kugula ndi kugulitsa moyo wanga wonse, ndikaiganizira lero ndimaona kuti Mmwenye uja anagona tulo tabwino tsiku limenelo. Komabe inkayenda, ndipo m'dera lonselo munthu wakuda wa galimoto anali amalume anga basi.

Dzinja likafika msewu wathu unkasanduka phala, choncho galimoto inkakhala m'chisakasa cha udzu kudikira chilimwe. Akazi a amalume, aNangozo, anali mayi wosakonda kuona chinthu chikungokhala. Atakolola mtedza anayang'ana nkhokwe yawo yobowoka, nayang'ana galimoto ya zitseko zotseka bwino ndi magalasi osalowa mvula, n'kuona kuti azungu anapanga nkhokwe yabwino koma osadziwa. Anathira mtedza wa mbewu pampando wakumbuyo ndi pansi pomwe. Makoswe a m'mudzi monse anamva uthengawo msanga kuposa amalume.

Amalume atatulukira, sanakalipe kwambiri. Anachotsa mtedza, napita pa Boma kukagula mankhwala a makoswe, nasakaniza ndi gaga, naika m'galimoto n'kutseka zitseko. Phokoso la makoswe linatha. Anayenda mudzi wonse akudzitama kuti ku Joni khoswe sachita kumuthamangitsa ndi chibonga ngati kuno. Chimene sanaganize n'chakuti khoswe akadya mankhwala sapita kukafera pabwalo kuti mumuone. Amabwerera kunyumba kwake, ndipo nyumba yake inali m'kati mwa galimoto.

Tsono chaka chimenecho achemwali anga a Enelesi ankakwatiwa ndi mphunzitsi wa ku Bwanje. Bambo athu anali adakali ku Joni, ndipo amalume monga mwini mbumba ndiwo anasenza ukwati wonse. Anali atalonjeza pamaso pa akuchimuna kuti mkwatibwi sadzaponda fumbi, adzafika pakhomo la tchalitchi pa galimoto. Azakhali ake a mkwati, mayi wamtali wa pakamwa pakuthwa dzina lawo aNaphiri, anayankha kuti aona, popeza anamva kuti galimotoyo amasungiramo mtedza. Mawuwo anawabaya amalume. Achemwali nawo anali atauza anzawo onse a m'kwaya.

Ukwati utalengezedwa kutchalitchi, amalume anakankhira galimoto padzuwa kuti aitsuke. Dzuwa litaiwomba, anatsegula chitseko. Ndinali pomwepo. Fungo lake silinali lobwera pang'onopang'ono ayi, linkachita kukumenya pachifuwa. Linali fungo la chinthu chakufa losakanikirana ndi mkodzo wa makoswe ndi mtedza wovunda, lolemera, lokakamira kukhosi ngati thelele lozizira. Galu wathu, amene ankadya chilichonse, ananunkhiza kamodzi n'kupita kukagona kuseri kwa khola.

Aliyense anabwera ndi nzeru yake. Amalume anayamba ndi botolo la mafuta onunkhira limene anabwera nalo ku Joni, nawaza mipando yonse. Zotsatira zake zinali ngati khoswe wakufa amene akupita kukafunsira mbeta. ANangozo anafukiza masamba a bulugamu m'phale, monga ankachitira m'nyumba ya wodwala chifuwa. Utsi utatha, fungo linabwerera lili ndi mnzake. Agogo ena anati pansi m'kati mwa galimotoyo paziridwe ndi dothi lakuda ngati m'nyumba, koma amalume anakana, nati chinthu cha injini sachizira. Achemwali anangolowa m'nyumba n'kuyamba kulira mwakachetechete, chifukwa anadziwa kuti akatsika m'menemo ndi diresi loyera, aNaphiri adzaimba nkhaniyo mpaka ku Bwanje.

Ine nthawi imeneyo ndinali kale pa bizinesi. Tikaweruka kusukulu ndinkakumba mbewa m'minda yokololedwa, kuziphika, kuziyanika, n'kukaima nazo pamsewu waukulu kudikira madalaivala a malole. Kumeneko ndiko ndinaphunzira zinthu ziwiri: kutsata fungo, ndi kusaonetsa wogula kuti ukufuna kugulitsa. Ndinawapeza amalume atakhala pamwala, chipewa chili m'manja, n'kuwauza ngati ndikungodutsa kuti iwo akulimbana ndi fungo pamene mwini fungo ali m'katimo, ndipo ine ndikhoza kumutulutsa.

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. Anati ndikatero andigulira masuwiti. Ndinati mano anga akundipweteka. Anawonjezera kampeni kawo kopinda. Kampeniko ndinkakasirira kuyambira kalekale, koma nkhope ndinaiumitsa. Anati chabwino, adzandikweza mpaka kudambo ndi kubwerera. Pamenepo ndinatembenuka n'kuyamba kuchoka pang'onopang'ono, khutu lili kumbuyo.

"Iwe Yotamu, tabwera kuno. Ukufuna chiyani kwenikweni?"

"Mpando wakutsogolo, amalume. Tsiku la ukwati, kuchokera pano mpaka kutchalitchi."

"Pamenepo ndi pa mkulu wa mpingo."

"Ndiye mkulu wa mpingoyo abwere adzatulutse khoswe."

Anaseka mpaka kutsokomola, nati mwana wa mlongo wawoyu adzagulitsa anthu tsiku lina. Tinagwirana chanza, ndipo ndinaonetsetsa kuti aNangozo aona.

M'mawa mwake ndinawapempha kuti atseke galimoto padzuwa, magalasi onse, kupatula kampata kamodzi. Kenako ndinakhala pansi n'kumadikira ntchentche zobiriwira zija. Anthu ankaganiza kuti ndachita ulesi, koma ntchentche ikamva chakufa siyendayenda, imalunjika. Zinalowa pakampata paja n'kukaunjikana malo awiri: pamsoko wa mpando wakumbuyo, ndi m'munsi mwa chitseko cha dalaivala.

Tinamasula mpando n'kuutulutsa. Pansi pake panali chiguduli, ndipo nditaching'amba ndi kampeni kaja, kamene ndinabwereka popeza ndinali nditakakana, ndinapeza mudzi wathunthu. Munali makoko a mtedza, nsanza, ubweya wa mpandowo wolukidwa bwinobwino kukhala chisa, ngakhale tayi yofiira ya amalume imene anaisowa pa Khirisimasi n'kumanamizira mbale wawo wina. Pakati pa zonsezi panagona mwini mudzi, khoswe wamkulu ngati mwana wa mphaka, atatupa, ndi ana ake pambali. Wa m'chitseko ndiye anandivuta. Dzanja la munthu wamkulu silikanalowa, choncho ndinapisa langa mpaka paphewa, tsaya litatsamira chitsulo, n'kumutulutsa zidutswazidutswa. Sindifotokoza zambiri, mwina mukuwerenga mukudya.

Ubweya wonse wa mumpando tinautentha kutali ndi mudzi. Zitsulo zake ndi pansi pa galimoto ndinakwecha ndi madzi otentha a phulusa, kenako sopo wamtanda, kenako phulusa kachiwiri, chifukwa mkodzo wa khoswe umalowerera ndipo sumva kupukuta kwaulemu. Chikopa cha mpando tinachiyanika pathanthwe. M'malo mwa ubweya tinafutsamo makoko a chimanga ouma, moti munthu akakhalapo mpando unkayankha kuti tswaa. Pomaliza ndinaika malichero a makala pansi pa mipando. Izi ndinazionera kwa amayi, amene ankaponya khala mumphika wa ndiwo zikayamba kununkha utsi. Masana zitseko zinkakhala zotsegula kuti mphepo ya ku Mlangeni, yozizira ngati madzi a pachitsime, ipitemo. Madzulo tinkatseka kuti makala agwire ntchito yawo.

Sabata ya ukwati isanathe, amalume analowetsa mutu m'galimoto, nakoka mpweya wautali, natulukamo akumwetulira. Anaitana achemwali. Iwo analowa mwamantha, nakhala pampando, mpando unati tswaa, ndipo anaseka koyamba chiyambire nkhaniyi. Ine ndinaima pambali manja m'thumba ngati sing'anga amene wachiza mfumu. Achemwali anatuluka kuti adzandithokoze, koma atandiyandikira anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno.

Apa ndiye panali pobowoka pa malonda anga. Ndinatsatsa bwino, mtengo ndinaupeza, koma sindinaganize kuti fungo likachoka m'galimoto lidzasamukira kuti. Linali m'zikhadabo zanga, m'tsitsi, ndi m'malaya a khaki aja amene ndinagwira nawo ntchito yonseyi chifukwa ena ndinalibe. Ineyo sindinkalimva n'komwe. Achemwali ananena mosabisa kuti galimoto akwera, koma osati ndi ine. Amalume anakanda m'mutu, nati iwo anagwira chanza pamaso pa mboni, ndipo munthu amene anakhalapo ku Joni sabweza chanza.

Amene anathetsa mlanduwo anali amayi ndi aNangozo. Anati popeza mankhwala a mwanayu agwira pa galimoto, agwiranso pa mwini wake. Anandigwira wina dzanja ili wina ili, mpaka kuseri kwa bafa. Madzi otentha a phulusa, sopo wamtanda, phulusa kachiwiri, chisononkho cha chimanga m'malo mwa chinkhupule. Tsitsi anameta lonse ndi lumo la amalume. Malaya ndi kabudula anaziphika mumtsuko, ndipo poti ndinalibe chosinthira, anandiyanika pathanthwe lomwe lija pambali pa zovala zanga, nditafunda kansalu ka amayi, anzanga onse okumba mbewa akudutsa n'kumandifunsa ngati nanenso andifutsa makoko a chimanga.

Tsiku la ukwati achemwali anandinunkhiza pamutu ngati munthu wogula nsomba. Anati ndayera, koma sakundikhulupirira kwenikweni. Anavomera kuti ndikwere pokhapokha nditanyamula lichero la makala pamiyendo ulendo wonse. Sindinatsutse. Wamalonda amadziwa pamene mtengo wafika pomaliza.

Tinanyamuka choncho. Amalume pachiwongolero atavala suti ya ku Joni, ine pambali pawo mutu uli mbee ngati dzira, makala pamiyendo, mkwatibwi ndi womuperekeza kumbuyo akuti tswaa pa bampu iliyonse. Azimayi a m'mudzi ankathamanga m'mbali akululutira, mkulu wa mpingo akutitsata pa njinga ndi nkhope ya Lachisanu Loyera. Ndinaona mudzi wathu ukuyenda chobwerera m'mbuyo pagalasi, minda ya mbatata, ng'ombe zikutidabwa, ndipo ndikuuzeni, palibe galimoto ina imene ndakwerapo yondikoma ngati imeneyo.

Pakhomo la tchalitchi aNaphiri anali akudikira. Achemwali asanatsike n'komwe, mayiwo analowetsa mutu pawindo ngati akupereka moni, mphuno zili tcheru. Anakoka mpweya kamodzi, kawiri. Anapezamo sopo ndi kafungo ka chimanga chouma basi. Maso awo anagwera pa ine.

"Nanga mwanayu wanyamuliranji makala pa ukwati?"

Amalume anatsika, nakonza jekete, nayankha mokweza kuti onse amve.

"Kodi kwanu ku Bwanje simudziwa? Ku Joni mkwatibwi sakwera galimoto popanda mwana wonyamula makala kutsogolo. Ndiye kuti moto wa m'banjamo sudzazima."

ANaphiri anagwedeza mutu, nati anamvapo zimenezo. Achemwali anatsika diresi lili mbuu, osaponda fumbi, monga analonjezera amalume.

Kuchokera pamenepo, aliyense wobwereka galimoto ya amalume pa ukwati ankafunsanso za mwana wa makala, ndipo woyamba kutumiza uthenga wotere anali aNaphiri omwewo, pokwatitsa mwana wawo. Ntchitoyo inali yanga mpaka miyendo inatalika, ndipo sindinkapita ulele: ntchafu ya nkhuku inkayenera kutchulidwa ndisanakwere.

Lero galimoto zadzaza pa Boma, maminibasi akulimbirana anthu ndi anyamata a kabaza, ndipo palibe mwana amene angathamangire galimoto chifukwa choti ndi galimoto. Zakale zikanunkha, eni ake amapachika kapepala konunkhira pagalasi n'kuyatsa wailesi mokweza. Anyamata akabwera kudzanditsatsa yotere, amanditsegulira injini n'kumandionetsa matayala. Ine ndimawasiya alankhule, kenako ndimagwada ndi mawondo anga okalambawa n'kulowetsa mphuno pansi pa mpando wakumbuyo. Amaseka, amati madala apenga. Ndikadzuka n'kutchula mtengo wanga, kuseka kumatha. Chaka chatha mdzukulu wa achemwali anakwatiwa kumudzi, galimoto zonyezimira zili mndandanda, ndipo m'yakutsogolo ndinaonamo kamnyamata katanyamula kambale ka makala okutidwa ndi riboni. Ndinafunsa mayi wina tanthauzo lake. Anandiyang'ana mondimvera chisoni, nati ndi mwambo wa makolo athu achingoni, anabwera nawo kuchokera kumwera. Ndinavula chipewa n'kuwathokoza pondiphunzitsa.