Chivundikiro cha Kamera ya a Mphindi

Malemu amuna anga anali okonza mawotchi. Anthu ankawatchula kuti a Mphindi, chifukwa ukawapatsa wotchi ankangoiika kukhutu n'kukuuza kuti imatsalira mphindi zingati patsiku. Zaka makumi anayi anazithera pa kathebulo ka pansi pa masitepe a sitolo ya nsalu, kagalasi kali padiso. Anali munthu wofatsa, wosamwa, wosayendayenda. Nthenda yawo inali imodzi: kamera.

Sankafuna kamera wamba ayi. Ankafuna zija zopinda, za filimu yaikulu yojambula zithunzi zisanu ndi zitatu zokha. Tikakhala pa chakudya nkhani inali yomweyo, mpaka ndinkachita kuwauza kuti, "Idyani abambo, kamerayo siizizira."

Chaka china anamva kuti wojambula zithunzi wina wamwalira ndipo mkazi wake akugulitsa katundu. Ndinawaperekeza. Namfedwayo atatsegula chitseko ndinadabwa. Ndinkayembekezera nkhalamba, koma ndinaona mtsikana wa khosi lalitali, wa kanzeru pamano, woseka chilichonse.

Anatulutsa kamerayo m'kachikwama kachikopa. Amuna anga anayamba apukuta m'manja, mwambo umene sankauchita pondigwira ine. Anatsegula kumbuyo, naunika galasi ndi tochi kufunafuna chuku. Kenako anafunda jekete kumutu, nalowetsa tochi m'kathumba kopindikapindika ka kamerayo kuti aone ngati kuwala kukudontha penapake. Atavundukuka anaiika kukhutu n'kudina batani lojambulira, kumvetsera ngati kachitsulo kotsegula ndi kutseka galasi kakusunga nthawi.

"Sekondi yathunthu iyi," anatero. "Malemu ankaisamala."

Ndiye anafika pofotokoza, osati kwa ine, koma kwa namfedwa. Ati kamera za mtundu uwu suyang'anira m'galasi lojambulira. Zili ndi kawindo kakekake pamwamba, ndipo mmenemo chinthu chimaoneka pawiri. Umapotokola mpaka ziwirizo zikumane, ndiye kuti chithunzi chidzatuluka chakuthwa.

"Achemwali, tayang'anani kuno. Muli ndi mphuno ziwiri. Dikirani... ehee, yatsala imodzi!"

Namfedwa anaseka mpaka kugwira khoma. Ine mphuno yanga inali pomwepo, yosasowa kupotokola, koma panalibe woifunsa.

Anapangana kuti ayese kaye filimu imodzi. Zithunzi zikatuluka bwino kamera ndi yawo, zikakanika aibweza. Panja panali kamphepo ka fumbi, choncho potuluka anatseka galasi ndi chivundikiro chake. Anamuimika mtsikanayo pafupi ndi chingwe choyanikira zovala.

"Khosi pang'ono chonchi. Musaseke kaye. Chabwino, sekani."

Ine ndinali pambali, ndipo ndinachiona bwinobwino. Chivundikiro chinali chikadali pagalasi, chakuda bii. Iwo m'kawindo mwawo ankaona zonse, mphuno ndi khosi lomwe, osadziwa kuti kamera ili m'tulo. Namfedwa sankadziwa kanthu za makamera. Mawu anafika pakamwa panga, ndinawameza. Pamene ankadina kachisanu ndi chitatu, ine ndinali nditatambasula kale dzanja.

"Bweretsani ndikuikireni m'chikwama, mwatopa."

Patapita masiku atatu anabwera kuchokera kotsukitsa filimu, naiyanika pawindo. Inali mbee ngati madzi, yopanda ngakhale mthunzi wa munthu. Sanadye. Anakhala pakhonde kamera ili kukhutu, kudina, kumvetsera, kudinanso.

"Khutu langa landinamiza, amake mwana," anatero. "Ngati sindingamve kachitsulo aka, mawotchi a anthu ndikuwamva bwanji?"

Apo m'pamene chinandilasa. Ndinkafuna kumana mtsikana uja zithunzi, koma ndinali nditalanda mwamuna wanga khutu lake.

Mmawa mwake anavala jekete, nakulunga kamera kuti akabweze. Ndinawapeza pakhomo akumanga nsapato.

"Abambo, kamerayo ndi yabwino. Simunachotse chivundikiro."

Anaweramuka pang'onopang'ono. "Wadziwa bwanji?"

"Ndinaona."

"Unaona pa chithunzi chachingati?"

"Choyamba."

Ndinkadikira mkuntho, pakuti munthu wofatsa akakwiya sasankha poponda. M'malo mwake mapewa awo anayamba kugwedezeka, kenako anaseka mpaka kukhala pansi pa sitepe.

"Kasanu ndi katatu, mayi iwe! Nsanje yako ili ndi chipiriro kuposa wotchi yapakhoma."

"Mukanati mundiyesere ine, ndikanakuuzani," ndinatero, ndipo sindinaseke nawo.

Kamera ija sanabweze. Anagula filimu ina, nati tipitenso kwa namfedwa tikayese bwino. Ndinawauza kuti akapita apeza zovala zawo panja. Choncho anandikhazika pa mpando kuseri kwa nyumba yathu, chivundikiro chili m'dzanja langa kuti pasakhale chonamizira.

"Tamwetulira pang'ono."

"Uja sanachite kupemphedwa. Mumusekereze yemweyo."

Kuyambira pamenepo anajambula maukwati, makanda, ophunzira omaliza sukulu, ndipo Loweruka lililonse ndinkatsala ndekha iwo atanyamula kachikwama kawo. Sindinaikonde kamera ija mpaka tsiku limene anatisiya. Koma zithunzi za kuseri kwa nyumba zinatuluka zonse zisanu ndi zitatu, zakuthwa moti ungawerenge ulusi wa kolala yanga, ndipo pa chilichonse ndili ndwii, tsinya lili pamphumi. Anasankha chokwiyitsitsa n'kuchimata mkati mwa chitseko cha kabati yawo ya kuntchito. Wobweretsa wotchi akafunsa kuti mayiwa anawalakwira ndani, ankayankha kuti, "Ine, ndipo mlandu wake sunathe."