Nsenjere Yanga M'dimba la Atsibweni

Ine kwathu ndi ku Mpama, koma ndinakwatira chikamwini ku Nchema. Dimba limene ndinkalima kumeneko anandipatsa ndi atsibweni a mkazi wanga, mwini mbumba, ndipo ndinalidzala nsenjere mzere ndi mzere poyembekeza kuti tsiku lina ndidzaweta ng'ombe ya mkaka.

Chaka chimenecho boma linakhazikitsa thumba la chitukuko m'dera lathu logulira ng'ombe za mkaka. Wolandira ng'ombe ankayenera kudzapereka mwana woyamba wamkazi wa ng'ombeyo kwa mnzake, kuti thumba lizikula. Panafunika komiti yoyang'anira, yosamvera munthu aliyense koma malamulo okha. Atsibweni ndiwo anatchula dzina langa pamsonkhano, ati poti ndinali mphunzitsi ndimadziwa kulemba. Ndinanyada, osabisa. Zoti wa m'komiti salandira nawo ng'ombe ndinazimva nditavomera kale.

Lamulo lalikulu linali limodzi: wofuna ng'ombe akhale ndi khola lomanga kale ndi nsenjere yodyetsera. Ntchito yanga inali kuyendera makomo ndi kulemba zimene ndaona.

Nditafika kwa atsibweni anandilandira ndi thobwa, n'kundiyalira mkeka pansi pa mango. Khola anali atamangadi, labwino lomwe. Za nsenjere ndinafunsa kawiri, iwo akungondiuza za mwendo wawo womwe unkatupa. Kachitatu anandiyang'ana.

"Akamwini, tinakuikani kumeneko kuti mukhale maso athu. Lembani zoti zonse zilipo."

Ndinawayankha kuti dzina langa anatchula ndi iwo zoona, koma amene anakweza manja ndi anthu a midzi yonse. Pepala ndinalembera pamkeka pawo pomwepo: khola lilipo, nsenjere palibe. Paja amati mkamwini asamakule mwendo, koma ine ndinali nditaukulitsa.

Kukomiti anzanga ena anandiseka. Wapampando anati ndikanangodwala tsiku limenelo, wina akadapita m'malo mwanga. Ng'ombe inapita kwa mayi wina wamasiye wa kufupi ndi Mikolongwe, amene anali ndi zonse ziwiri.

Sipanathe mwezi, atsibweni anatuma mawu kudzera kwa apongozi anga kuti dimba lija akulifuna eni ake. Sanakalipe, sanatchule za ng'ombe. Mkazi wanga anakhala masiku angapo akundiyankha mawu amodzi amodzi. Kenako anangonena kuti malamulo angawo sitidyera nsima. Zinandiwawa chifukwa sananame: masamba athu onse ankachokera m'mbali mwa dimba lomwelo.

Chaka chotsatira atsibweni analembetsanso. Ndinapempha komiti kuti atume wina, poti nkhaniyo inkandikhudza. Anati palibe vuto, koma ndiperekeze mnzangayo chifukwa pepala limafuna anthu awiri osaina.

Atsibweni anatitsogolera okha kudimba lija, akutsimphina. Nsenjere inali itakula kupitirira mutu wanga, yobiriwira bwino. Mizere yake ndinkaidziwa yonse, ngakhale wokhota uja umene ndinalambalala chulu. Mnzanga analemba, n'kundipatsa cholembera. Ndinafufuza m'mutu mwanga lamulo loletsa, lililonse, koma lamulo silinkafunsa kuti anadzala ndani.

"Akamwini, nanga lero mwaona chiyani?" anafunsa atsibweni.

"Nsenjere ilipo," ndinatero, n'kusaina.