Kapaipi ka Pakhosi pa Amayi

Kapaipi kaja kanali kofiira, kamphira, kotalika ngati chala changa chapakati. Kanatulukira m'munsi mwa bala la pakhosi pa amayi, ndipo kumapeto kwake anamwino anakulungako thonje. Magazi amadzimadzi ankadontha pang'onopang'ono, thonjelo n'kumanyowa. Fungo lake ndimalimvabe: mphira, mankhwala otsukira mabala, ndi bulangete la chipatala limene linafunditsapo anthu ambirimbiri.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, dziko lino likutchedwabe Nyasalande. Abambo anali ku Joni, kumigodi, ndipo makalata awo anali atasiya kubwera. Amayi anali ndi chithokomiro kuyambira ndisanabadwe, monga analili amayi ambiri kwathu kumapiri a ku Lizulu, koma chawo chinakula mpaka kuyamba kuwabanikitsa akagona chagada. Amalume anatikweza lole ya kachewere kupita ku chipatala cha mishoni, n'kutisiya komweko, pakuti kumunda kunalibe wokumba. Wodikirira wodwala ndinali ine.

Inali nyengo yachisanu. Kukhitchini kwa odikirira kunali amayi akuluakulu okhaokha, ocheza zawo. Ine ndinkaphika phala pakona, kenaka n'kukakhala pansi pambali pa bedi. Adokotala atachotsa chotupacho, anamwino anandigwira paphewa. "Kapaipika kakutulutsa magazi kuti asaunjikane m'kati. Kakasiya, khosi n'kuyamba kutupa, uthamange udzandiitane. Wamva?" Ndinati ndamva. Lero ndimadabwa kuti munthu wamkulu anasenzetsa bwanji mwana katundu wotere. Komatu anali yekha, odwala atadzaza chipinda chonse.

Tsiku lotsatira, dzuwa litapendeka, thonje linali loyera mbee, louma. Ndinasangalala. Ndinaganiza kuti bala lapola, mawa tipita kwathu. Mawu aja oti "kakasiya" ndinawakumbukira ndithu, koma khosi linali lokutidwa ndi bandeji, ndipo m'mawa womwewo anamwino anali atandikalipira chifukwa chowaitana nditangoona ntchentche itatera pabandejipo. Ndinangokhala chete.

Kenaka kupuma kwa amayi kunayamba kulira ngati mluzu. Anandigwira dzanja, zikhadabo zawo zikundilowa, milomo itada bii. Ndinathamanga. Anamwino sanadikire adokotala. Anadula ulusi pabedi pomwepo, ndipo magazi oundana, akuda ngati chiwindi, anakhuthukira pachifuwa. Kapaipi kanali katatsekeka. "Unali kuti?" Anandifunsa kamodzi kokha, osandiyang'ana n'komwe.

Amayi anachira, koma mawu awo sanabwerere. Kunatsala kunong'ona kosasa, kotha msanga. Iwo amene ankayambitsa nyimbo kutchalitchi, amene akandiitana ali kudimba ndinkamva ndili kuchitsime, tsopano ankandiitana pogogoda khasu ndi mwala. Titabwerera kumudzi amalume anati, "Chachikulu n'chakuti muli moyo, alongo," n'kupita kwawo. Sabata yoyamba anthu anabwera kudzazonda. Atatopa ndi kuwerama kuti amve zimene amayi akunena, anasiya. Tinatsala awiri, nyumba ili zii.

Patapita zaka zambiri mwana wanga, amene ndi namwino, anandiuza kuti mtsempha wa mawu umadutsa pafupi kwambiri ndi chithokomiro, ndipo mwina unavulala pa opaleshoni pomwepo, ine ndisanalakwitse kalikonse. Mwina. Koma chaka chimenecho panalibe wondiuza zotere, ndipo ine sindinaululire munthu aliyense kuti ndinaona thonje litauma n'kukhala chete.

M'mawa uliwonse, nkhungu isanachoke, amayi ankapita kuseri kwa nkhokwe. Ndinkawasuzumira pampanda wa udzu. Ankaima dzanja lili pachipsera, n'kumagwedeza milomo, mitsempha ya m'khosi itatuluka, mpaka kutsokomola kowerama nako. Ndinkakhulupirira kuti akundinenera kwa Mulungu. Choncho ndinkawathawa maso, kudya msangamsanga, kukhalitsa kunkhuni. Iwonso ankaganiza kuti mwana wawo akuwaopa chifukwa cha mawu achilendowo, ndiye anachepetsa ngakhale kunong'ona komwe.

Anadzandiuza atakalamba, pakamwa pawo pali pakhutu panga. Sikunali kupemphera ayi. Ankayesa kutchula dzina langa mokweza, kuti aone ngati tsiku limenelo lingatuluke. Ine ndinali pomwepo, mapazi atauma ndi mame, osadziwa kuti ndikuitanidwa.